Mpira wa ku Germany m'sizoni ya 2023/24: mafunso ndi mayankho

Amene ankati ligi ya ku Germany ndi ya timu imodzi anasowa chonena m'sizoni ya 2023/24. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amabwerezabwereza akamakamba za nyengo imeneyi, kuyambira m'Julayi 2023 kukafika pa masewero a Olympics a mu Ogasiti 2024. Mpira wa abambo ndi wa amayi ndauika pamodzi, chifukwa ukasiya mbali imodzi nkhani yake imakhala yoduka.

Kodi mpira wa ku Germany umayenda bwanji?

Ligi yaikulu ya abambo ndi Bundesliga. Ili ndi matimu 18 ndipo timu iliyonse imasewera masewero 34, kuyambira mu Ogasiti mpaka m'Meyi, n'kupumako pang'ono nthawi ya Khirisimasi. Pansi pake pali 2. Bundesliga, ya matimu 18 nayonso, kenako 3. Liga ya matimu 20. Maligi awiri apamwambawo amayendetsedwa ndi bungwe la makalabu la DFL. Matimu a dziko, ligi ya amayi ndi chikho cha DFB-Pokal zinali m'manja mwa DFB, bungwe lalikulu la mpira m'dzikolo. Chikho cha abambo chimayamba ndi matimu 64, ndipo akuluakulu amakakumana ndi timatimu ta m'matauni ang'onoang'ono.

Masewero ambiri amayamba Loweruka 15:30. Kwa ife a ku Malawi ndi Zambia nthawi ndi yomweyo pamene kwawo kukutentha, koma kukazizira imakhala 16:30.

Ndani anatenga chiyani?

Kwa abambo, Bayer Leverkusen inatenga ligi ndi chikho cha DFB-Pokal. Stuttgart inathera pachiwiri ndi mapointi 73, Bayern Munich pachitatu ndi 72, RB Leipzig pachinayi, Borussia Dortmund pachisanu. Supercup yotsegulira sizoni inapita ku Leipzig, imene inaswa Bayern 3-0, zigoli zonse za Dani Olmo. Kwa amayi, ligi inapita ku Bayern, chikho ku Wolfsburg. Ku Ulaya matimu awiri a ku Germany anafika mundime yomaliza, onse n'kubwerako chimanjamanja.

N'chifukwa chiyani ukatswiri wa Leverkusen unautsa phokoso chonchi?

Choyamba, Bayern inali itatenga ligi zaka 11 motsatizana, kuyambira 2013. Mwana amene ankayamba sukulu chaka chimenecho anakula asanaonepo timu ina ikunyamula mbale ya siliva imene amapatsa akatswiri.

Chachiwiri ndi mbiri ya Leverkusen yeniyeniyo. Timuyi inayambitsidwa mu 1904 ndi ogwira ntchito pakampani ya mankhwala ya Bayer, ndipo kufikira 2024 inali isanatengepo ligi. Inali itathera pachiwiri kasanu. Mu 2000 inkangofunika kufanana mphamvu ndi Unterhaching tsiku lomaliza, koma Michael Ballack anadzigoletsera yekha ndipo ligi inapita ku Bayern. Mu 2002 ndiye zinafika pomvetsa chisoni: m'masabata ochepa inataya ligi kwa Dortmund, chikho kwa Schalke, ndi Champions League kwa Real Madrid pa chigoli chija cha Zinedine Zidane ku Glasgow. Kuchokera apo anthu anaipatsa dzina loinyoza lakuti Neverkusen, kutanthauza timu yosatenga kanthu. Chikho chomaliza chimene inali nacho chinali cha 1993.

Ndiye pa 14 Epulo 2024 Werder Bremen inabwera pabwalo la BayArena. Victor Boniface anagoletsa penate, Granit Xhaka anaponya chigoli cha patali, kenako Florian Wirtz, mnyamata wa zaka 20 amene analowa m'chigawo chachiwiri, anamwetsa zitatu. Atagoletsa chachinayi cha timuyo, masapota ena anadumphira m'bwalo, osewera n'kumawakodola kuti abwerere kaye. Chachisanu chitalowa panalibenso wowaletsa. Utsi wofiira unaphimba bwalo, anthu anakhamukira pakati, oyimbira anangoimba wezulo kuti basi zathera pompo. Ligi inatha kutatsala masewero asanu. Ndinaonera masewerowo pa TV, koma nkhope za madala aimvi amene ankalira atagwira masikafu awo sindidzaziiwala. Anthu amenewo anali atadikira moyo wawo wonse.

Kodi n'zoona kuti sanagonjepo sizoni yonse?

Mu ligi ndi m'chikho cha kwawo, n'zoona. Anapambana masewero 28, anafanana mphamvu kasanu n'kamodzi, mapointi 90, zigoli 89, iwo n'kuchinyidwa 24 zokha. Palibe timu ya abambo imene inachitapo zimenezi chiyambire Bundesliga mu 1963, ngakhale Bayern ya Pep Guardiola.

Mukaphatikiza mipikisano yonse anasewera masewero 51 osagonja. A nambala 52 ndiwo anali ndime yomaliza ya Europa League ku Dublin pa 22 Meyi, pamene Atalanta inawakuntha 3-0, zigoli zonse za Ademola Lookman wa ku Nigeria. Tsiku limenelo anakumana ndi timu imene inawapanikiza munthu ndi munthu bwalo lonse mpaka kusowa popumira. Patangotha masiku atatu anadzuka n'kukatenga DFB-Pokal ku Berlin, 1-0 ndi Kaiserslautern, chigoli cha Xhaka, chikhalirecho anasewera anthu khumi chigawo chonse chachiwiri Odilon Kossounou atapatsidwa khadi lofiira.

Ena amati unali mwayi chifukwa cha zigoli za m'mphindi zoonjezera. Zinalipodi zambiri: Exequiel Palacios ku Munich ndi ku Augsburg, Piero Hincapié ku Leipzig, Patrik Schick kawiri pokumana ndi Qarabağ, Josip Stanišić ku Dortmund komanso pokumana ndi Roma, Robert Andrich pokumana ndi Stuttgart. Ine sindiona mwayi pamenepa. Mwayi subwera sabata ndi sabata. Timuyi ikatsalira sinkayamba kumenya mpira chiponyeponye. Inkapitiriza kupatsirana modekha, kuwathamangitsa anzawo uku ndi uku mpaka miyendo italema, mpata n'kutseguka.

Xabi Alonso anasintha chiyani?

Anafika ku Leverkusen ngati mphunzitsi mu Okutobala 2022 timu ili pa nambala 17. Aka kanali koyamba kuphunzitsa timu yaikulu; m'mbuyomo anali ndi timu yachiwiri ya Real Sociedad. Anaika otchinga atatu kumbuyo ndi anthu awiri othamanga m'mbali, Jeremie Frimpong kumanja ndi Alejandro Grimaldo kumanzere. Awiriwa pamapepala ndi otchinga, koma zigoli ankamwetsa ngati akutsogolo.

Osaiwalanso ogula osewera, motsogozedwa ndi Simon Rolfes. Mu 2023 anatenga Xhaka ku Arsenal, Boniface ku Union Saint-Gilloise ya ku Belgium, Jonas Hofmann ku Mönchengladbach, ndi Grimaldo ku Benfica osalipira kanthu. Stanišić anabwera pangongole kuchokera ku Bayern, ndipo ndi yemweyo amene anatsegula zigoli pamene anaichinya Bayern 3-0 pa 10 Febuluwale. Kwa ine Xhaka ndiye anali mtima wa timu: mpira uliwonse unkadutsa pamapazi ake.

Osewera a ku Africa anachita zotani?

Ku Leverkusen analipo asanu odalirika: Boniface ndi Nathan Tella a ku Nigeria, Edmond Tapsoba wa ku Burkina Faso, Amine Adli wa ku Morocco, ndi Kossounou amene m'Febuluwale anatenganso chikho cha Africa ndi Ivory Coast. Boniface anamwetsa 14 mu ligi ngakhale anakhala miyezi itatu panja atavulala m'Januwale.

Koma wodabwitsa kuposa onse anali Serhou Guirassy wa ku Guinea, amene anagoletsera Stuttgart zigoli 28. Kumbukirani kuti Stuttgart yomweyi chaka chapitacho inatsala pang'ono kutuluka mu ligi, n'kupulumuka pogonjetsa Hamburger SV. Sebastian Hoeneß anaichotsa pa nambala 16 n'kuifikitsa pachiwiri, pamwamba pa Bayern. Kukanakhala kuti kulibe Leverkusen, nkhani ya chaka ikanakhala imeneyi.

Bayern inagula Harry Kane, nanga chinavuta n'chiyani?

Vuto silinali Kane. Anachoka ku Tottenham pamtengo wa mayuro pafupifupi 100 miliyoni ndipo anamwetsa zigoli 36 mu ligi, kuposa wina aliyense m'maligi a ku Ulaya chaka chimenecho. Chimene chinkagwa ndi kumbuyo ndi pakati. Saarbrücken ya mu ligi yachitatu inawatulutsa m'chikho 2-1 pa 1 Novembala, Frankfurt inawathira 5-1 m'Disembala, ndipo mu Epulo anatsogola 2-0 ku Heidenheim n'kugonja 3-2. M'Febuluwale akuluakulu analengeza kuti Thomas Tuchel achoka sizoni ikatha, ndipo m'malo mwake munadzalowa Vincent Kompany. Mu Champions League anafika ndime ya matimu anayi, akutsogola ku Madrid, koma Joselu anagoletsa ziwiri kumapeto. Kanali koyamba chichokere 2012 kuti Bayern imalize sizoni opanda chikho.

Saarbrücken ija sinalekere pa Bayern. Inatulutsanso Frankfurt ndi Mönchengladbach isanagwe kwa Kaiserslautern mundime ya matimu anayi.

Dortmund inathera pachisanu, inafika bwanji ku Wembley?

Mu ligi inali yosadalirika, koma usiku wa ku Ulaya inkakhala timu ina. Inatsogola gulu lolimba la PSG, AC Milan ndi Newcastle, kenako inatulutsa PSV, Atlético Madrid ndi PSG, imene inaichinya 1-0 kawiri pa zigoli za Niclas Füllkrug ndi Mats Hummels. Pa 1 Juni, mundime yomaliza ya Champions League pabwalo la Wembley, inaphonya mipata yoonekeratu m'chigawo choyamba, ndipo Real Madrid inailanga 2-0 kudzera mwa Dani Carvajal ndi Vinícius Júnior. Awa anali masewero omaliza a Marco Reus atatumikira timuyi zaka 12.

Kuchita bwino kwa matimu a ku Germany ku Ulaya kunapezetsa dzikolo malo achisanu mu Champions League yotsatira, ndipo amene anapindula ndi Dortmund yomweyo.

Ndani anatuluka, ndani anakwera?

Köln ndi Darmstadt zinatuluka, St. Pauli ndi Holstein Kiel zinakwera. Timu ya nambala 16 imasewera kawiri ndi ya nambala 3 ya ligi yachiwiri kulimbirana malo mu Bundesliga, ndipo apa panachitika zosayembekezeka: Bochum inagonja 3-0 pakwawo ndi Fortuna Düsseldorf, n'kukabweza 3-0 koyenda, n'kupulumuka pa mapenate. Hamburger SV, imene inatuluka mu 2018, inakanikanso kubwerera, ikuona anansi ake a St. Pauli akukwera. Heidenheim ya Frank Schmidt, mphunzitsi amene anali atakhala pamenepo kuyambira 2007, inathera pa nambala 8 m'chaka chake choyamba mu Bundesliga n'kupeza malo ku Ulaya.

N'chifukwa chiyani masapota ankaponya timipira ta tenisi m'bwalo?

Funso ili ndimalikonda, chifukwa apa m'pamene mpira wa ku Germany umasiyanirana ndi wa kwina. Kuli lamulo lotchedwa 50+1, limene limati mamembala a kalabu, amene ambiri ndi masapota wamba, azikhala ndi mavoti ochuluka kuposa a munthu wandalama aliyense. Leverkusen ndi Wolfsburg lamuloli silizikhudza popeza ndi matimu a makampani kuyambira kalekale. Chifukwa cha lamuloli matikiti ku Germany ndi otsikirapo mtengo, ndipo mabwalo akadali ndi malo oonerera choimirira.

M'Disembala 2023 makalabu 24 mwa 36 a DFL anavota mwachinsinsi kuti agulitse gawo la ndalama za pa TV, losaposa 8 peresenti kwa zaka 20, ku kampani yamalonda, posinthana ndi mayuro pafupifupi 1 biliyoni. Mavoti 24 ndiwo ankafunika ndendende. Masapota anakwiya ndi chinsinsicho, komanso ankaopa kuti wamalonda akalowa ayamba kulamula masiku ndi nthawi za masewero. Anayamba ndi kukhala chete mphindi 12 zoyambirira za masewero. Kenako anayamba kuponya chokoleti chokulungidwa ngati makobili agolide, timipira ta tenisi, ena kulowetsa tigalimoto toseweretsa ana m'bwalo, ena kukhoma maloko a njinga pamizati ya golo. Masewero ankaima, mwina mpaka theka la ola, ogwira ntchito akutola timipira m'zidebe. Pa 21 Febuluwale 2024 DFL inalengeza kuti yasiya ganizolo.

Ndikudziwa kuti ena oonera pa TV zinkawatopetsa. Koma anthu amene amalipira pakhomo sabata ndi sabata anakana chinthu, akuluakulu n'kuwamvera. Ine ndimaiwerengera nkhaniyi pamodzi ndi ukatswiri wa Leverkusen.

Timu ya dziko ya abambo inasintha bwanji mphunzitsi?

Itatuluka m'magulu pa World Cup ya 2018 ndi ya 2022, inapitiriza kugwa. Pa 9 Sepitembala 2023 Japan inaichinya 4-1 ku Wolfsburg, ndipo m'mawa mwake Hansi Flick anachotsedwa ntchito, woyamba kuchotsedwa pampando umenewu. Rudi Völler anagwirizira masewero amodzi n'kugonjetsa France 2-1, kenako anabwera Julian Nagelsmann wa zaka 36. Naye anayamba movutika, kugonja ndi Turkey ndi Austria m'Novembala.

Zinatembenuka m'Malichi. Anaitananso Toni Kroos, amene anali atasiya timu ya dziko mu 2021, anasiya mayina ena akuluakulu n'kutenga anyamata amene ankachita bwino ku Stuttgart ndi ku Leverkusen. Ku Lyon, pokumana ndi France, mpira woyamba wa Kroos unapeza Wirtz ndipo chigoli chinalowa masekondi khumi asanakwane. Anapambana 2-0, kenako 2-1 ndi Netherlands.

M'miyezi yomweyo dzikolo linataya akatswiri awiri a World Cup ya 1990: Franz Beckenbauer, amene anali mphunzitsi, anamwalira pa 7 Januwale, ndipo Andreas Brehme, amene anagoletsa penate ya mundime yomaliza, pa 20 Febuluwale.

Kodi ku Euro 2024 anawabera?

Mpikisano unali pakwawo. Anayamba ndi 5-1 pa Scotland ku Munich pa 14 Juni, 2-0 pa Hungary, 1-1 ndi Switzerland, kenako 2-0 pa Denmark ku Dortmund, masewero amene anaima kaye chifukwa cha mphezi ndi matalala. Pa 5 Julayi ku Stuttgart anakumana ndi Spain. Olmo anatsogoza Spain, Wirtz anabweza m'mphindi ya 89, Mikel Merino anagoletsa ndi mutu m'mphindi ya 119.

Mkangano uli pa mpira wa Jamal Musiala umene unamenya dzanja la Marc Cucurella m'bokosi m'nthawi yoonjezera, oyimbira Anthony Taylor osaimba. Ine ndimaona kuti inali penate, ndipo m'Sepitembala kunamveka kuti komiti ya oyimbira ya UEFA nayo inaona choncho. Komabe mawu akuti kubera ndi olemera. Spain ndiyo inali timu yabwino kuposa onse mumpikisanowo, ndipo inakatenga chikho ku Berlin pogonjetsa England 2-1. Kroos anapachika nsapato usiku umene Germany inagonja ndi Spain. Thomas Müller, Ilkay Gündoğan ndi Manuel Neuer anatsanzika timu ya dziko m'masabata otsatira.

Ligi ya amayi inayenda bwanji?

Frauen-Bundesliga inali ndi matimu 12. Pano pali chinthu chimene ambiri sachitchula: si Leverkusen yokha imene inamaliza ligi osagonja. Bayern ya amayi, pansi pa Alexander Straus wa ku Norway, inapambana masewero 19, kufanana mphamvu katatu, mapointi 60. Inali italimbitsidwa ndi Pernille Harder ndi Magdalena Eriksson ochokera ku Chelsea, ndipo m'Malichi inakachinya Wolfsburg 4-0 kwawo komwe. Wolfsburg inathera pachiwiri, Eintracht Frankfurt pachitatu. Nürnberg ndi Duisburg zinatuluka. Womwetsa zigoli zambiri anali Ewa Pajor wa Wolfsburg, zigoli 18, amene kenako anapita ku Barcelona.

Wolfsburg inabweza chipongwe m'chikho. Pa 9 Meyi ku Köln inagonjetsa Bayern 2-0 n'kutenga DFB-Pokal kakhumi motsatizana.

Nanga ku Ulaya amayiwa anafika pati?

Apa ndiye panali chilonda. Wolfsburg, imene mu Juni 2023 inasewera ndime yomaliza ya Champions League, inatulutsidwa ndi Paris FC isanafike n'komwe m'magulu. Frankfurt ndi Bayern zinathera m'magulu, moti mundime ya matimu 8 munalibe timu ya ku Germany. Ndalama zimene Spain, England ndi France zikuika mumpira wa amayi zayamba kuonekera.

Ife tili ndi gawo pa kutuluka kwa Bayern. Gulu lake linali ndi Ajax, Roma ndi PSG, ndipo ku PSG chaka chimenecho kunali Tabitha Chawinga. Pa masewero omaliza ku Munich pa 30 Januwale 2024 Bayern inkafunika kupambana. Tabitha anagoletsa chobweza choyamba, masewero anathera 2-2, Bayern n'kutsala.

Timu ya dziko ya amayi inachoka bwanji pa manyazi a World Cup kufika pa mendulo?

Iyi ndi timu imene inatenga World Cup mu 2003 ndi 2007, chikho cha Ulaya kasanu n'katatu, ndi golide ya Olympics mu 2016. Chenjezo linabwera ndi anansi athu. Pa 7 Julayi 2023 ku Fürth, pa masewero opimana mphamvu, Zambia inaigonjetsa 3-2: Barbra Banda ziwiri, Racheal Kundananji chimodzi. Ku World Cup inayamba ndi 6-0 pa Morocco, koma inagonja 2-1 ndi Colombia, n'kufanana mphamvu 1-1 ndi South Korea, n'kutuluka m'magulu koyamba m'mbiri yake. Mphunzitsi Martina Voss-Tecklenburg anapita kutchuthi chodwala ndipo sanabwererenso.

Anagwirizira ndi Horst Hrubesch, mdala wa zaka za m'ma 70 amene anagoletsa zigoli ziwiri mundime yomaliza ya Euro 1980. Sanabweretse zamatsenga, anabwezeretsa mtima pansi ndi mpira wosavuta kuumva. M'Febuluwale anagonja 2-1 ndi France mu Nations League, koma 2-0 pa Netherlands inawapatsa malo ku Olympics. Kutatsala masiku ochepa, Lena Oberdorf, mzati wa pakati, anavulala bondo.

Ku Olympics, m'dziko la France, anagonjetsa Australia 3-0, anagonja 4-1 ndi USA, n'kuibwezera Zambia 4-1, Banda atagoletsanso. Kuyambira apo nkhani inali ya goloboyi Ann-Katrin Berger, mayi amene analimbana ndi khansa kawiri n'kubwerera m'golo. Pokumana ndi Canada masewero anafika pa mapenate, iye anagwira awiri, womaliza n'kumenya yekha. USA inawagonjetsanso 1-0 m'nthawi yoonjezera, n'kutsala masewero olimbirana malo achitatu ndi Spain, akatswiri a dziko lonse, ku Lyon pa 9 Ogasiti. Giulia Gwinn anagoletsa penate. M'mphindi zomalizira zenizeni Spain nayo inapatsidwa penate, Alexia Putellas n'kuika mpira pansi. Berger anadziponya n'kuukankha, ndipo posakhalitsa wezulo inalira, Germany n'kutenga mendulo ya malo achitatu. Hrubesch anasiyira mpando Christian Wück, amene m'Disembala 2023 anali atatenga World Cup ya anyamata osaposa zaka 17 ku Indonesia.